Magalasi amodzi, anthu 7

Loweruka lapitali tinali anthu 7 patebulo limodzi, ndipo atatibweretsera pepala la zakudya panalibe ndi mmodzi yemwe wotha kuliwerenga. Wina analitalikitsa mpaka mkono kuthera pomwepo. Wina anayatsa tochi ya pafoni uku akudandaula kuti magetsi a malo ano ngofooka. Mapeto ake mnzathu wina wamkazi anapisa m'chikwama n'kutulutsa magalasi ake owerengera, ofiira, a timaluwa m'mbali, ndipo anayenda tebulo lonse kuchoka pamphuno iyi kupita pamphuno iyo. Amene anakhala nawo nthawi yaitali ndi mkulu wina yemwe kuntchito kwake anthu amaimirira iye akamalowa. Ife timamudziwa kuyambira masiku amene ankalira ndi masamu.

Mnyamata woperekera zakudya anaima potero akulimbana ndi phwete. Ndinamuuza kuti, "Seka mwana wanga, zikukudikira." Sindinkamuopseza. Munthu ukangodutsa zaka 40, kagalasi ka m'kati mwa diso kamayamba kuuma, sikapindikanso mokwanira kuti uone zapafupi. Madokotala amati presbyopia, ndipo sisankha kuti uyu ndi bwana.

Anthu a msinkhu wanga tili ndi matenda ena amene magalasi sangachize, matenda a "tionana". Mwakumana mwangozi pamsewu, mwagwirana chanza mpaka mikono kuwawa, mwapatsana manambala, "amwene tisasowane chonchi, tipeze tsiku." Tsikulo silipezeka. Ife tinali ndi gulu la pa WhatsApp lomwe linakhala zaka zambiri likungotumizirana zithunzi za maluwa ndi mafuno abwino a tsiku lobadwa. Wina akati tikumane, aliyense ankaika chala cha m'mwamba, nkhani n'kuthera pomwepo.

Amene anatisonkhanitsa ndi mnzathu amene anamwalira. Tinafika tonse pamaliro ake, ena kuchokera kutali, ena atapempha tchuthi chomwe kwa zaka zonsezi ankati n'chosatheka kupempha. Titaima panja, wina anakumbutsa za tsiku limene malemuyo anagona m'kalasi n'kudzuka akuyankha funso lomwe silinafunsidwe, ndipo tinayamba kuseka chamumtima, mapewa okha akugwedera, manyazi atatigwira. Mkazi wake anatiyandikira n'kunena kuti, "Alamu, akanakondwa bwanji kukuonani nonse pamodzi chonchi. Ankakutchulani kawirikawiri." Sananene mokwiya ayi. Koma ine mawu amenewo anandilasa, chifukwa nambala ya mwamuna wake inali m'foni mwanga nthawi yonseyo.

Tisanabalalike tsiku lomwelo tinapangana, paja nkhanga zinapangana kusanapse. Loweruka loyamba pakatha miyezi itatu iliyonse, ndipo tsikulo silisuntha. Kaya abwera awiri, awiriwo adye. Lamulo limeneli ndi limene latisunga, chifukwa mukangoyamba zofunsana kuti kodi nonse muli ndi mpata liti, dziwani kuti mwabwerera ku maluwa a pa WhatsApp aja. Anthu 7 a zaka za m'ma 40 ndi 50 sangakhale ndi mpata tsiku limodzi. Wina ali ndi mwana amene akulemba mayeso, wina mayi ake ali m'chipatala, wina kuntchito kwavuta.

Ndipo kuvutako si kwa ife tokha. Katswiri wina wa zachuma wa ku Dartmouth College, David Blanchflower, anasanthula mayankho a anthu a m'mayiko oposa 130, ndipo mu 2020 anatulutsa zotsatira zoonetsa kuti chimwemwe cha munthu chimayenda ngati chilembo cha U. Chimakhala pamwamba paunyamata, chimatsika pang'onopang'ono mpaka kufika pansi penipeni cha pa zaka 47 kapena 48, kenako n'kuyambanso kukwera. Nditamva zimenezi ndinaseka, chifukwa ndinali ndi zaka zomwezo ndipo ndinkaona ngati ndine ndekha amene ndikudzuka 3 koloko usiku kumawerengera ngongole. Mawu oti "midlife crisis", kutanthauza kusokonezeka maganizo kwa munthu wa zaka zapakati, anabwera ndi katswiri wa za maganizo Elliott Jaques kale mu 1965, ndipo anthu akawamva amaganiza za bambo amene wagula galimoto ya anyamata kapena wayamba kudaya tsitsi. Kwa ambiri a ife sizifika n'komwe pamenepo. Kumangokhala kutopa. Ana akukoka mkono uwu, makolo okalamba akukoka winawu, ndipo aliyense amene akukuimbira foni akufuna kenakake.

N'chifukwa chake ndimati mnzako wakale ndi mankhwala. Iye sakufuna siginecha yako. Ukayamba kuyankhula ngati uli pamsonkhano, amakudula ndi dzina lako la kusukulu lija, lomwe ana ako salidziwa ndipo usalole kuti adzalidziwe. Jeffrey Hall wa ku University of Kansas anapeza mu 2018 kuti pamafunika maola oposa 200 muli limodzi kuti munthu asanduke bwenzi lapamtima. Tandiuzani, pamsinkhu uno maola 200 muwatenga kuti? Koma ndi anthu amene munkagona nawo chipinda chimodzi, kubwerekana sopo ndi kukopera homuweki, maolawo munalipira kalekale. Kuwataya anthu otere n'chimodzimodzi kumanga nyumba mpaka denga kenako n'kukachita lendi kwina.

A ku yunivesite ya Harvard akhala akutsatira miyoyo ya anthu kuchokera mu 1938, poyamba amuna 724, kenako akazi awo ndi ana awo. Mkulu wa kafukufukuyu, Robert Waldinger, amanena kuti atabwerera m'mafayilo kukaona anthuwa ali ndi zaka 50, chimene chinalosera bwino za thanzi lawo pa zaka 80 sichinali kuchuluka kwa mafuta m'magazi, koma mmene ankakhutirira ndi ubale wawo ndi anthu ena. Ine nkhani imeneyi ndimaigwiritsa ntchito kunyumba ndikamapempha chilolezo. Mayi a kunyumba amangoti, "Pitani kuchipatala kwanuko, koma mubwere kusanade."

Musaganize kuti zinayamba bwino. Ulendo woyamba unali wonyansa, ndinene mosabisa. Makiyi a galimoto anaikidwa patebulo chizindikiro chili m'mwamba. Wina anatifotokozera za ulendo wake wa pandege kuyambira pokwera mpaka potsika. Wina mwana wake ndi woyamba m'kalasi, winanso wake ndi woyamba, moti ndinadabwa kuti kodi ana omaliza amabadwa kwa ndani. Inenso ndinaponyapo zanga, sindikudziyeretsa. Tinabalalika aliyense atatopa ngati tachokera ku intavyu.

Ulendo wachiwiri mnzathu mmodzi sanabwere. Wachitatu anati ali ndi chimfine. Amene anatitsegula maso ndi mayi wa magalasi ofiira uja, atapita kukamuona kwawo osamuuza. Anapeza kuti ntchito inatha chaka chapita, ndipo tsiku loyamba lija munthuyu anaitanitsa madzi okha n'kunama kuti wadya kale, ife tili kalikiliki kusimba za ndege. Palibe anaona. Anthu amene timati timadziwana kuyambira tili ana!

Kuyambira pamenepo tinasintha kachitidwe. Kawirikawiri timakumana kunyumba kwa mmodzi wa ife mosinthanasinthana. Tikafuna kukadya kwina, aliyense amatumiza zimene angathe kwa msungichuma wathu mwakachetechete, ndipo iye yekha ndi amene amadziwa kuti wapereka zingati ndani. Pakamwa pake m'pokhoma, n'chifukwa chake tinamusankha. Za maudindo ndi katundu tinaletsa. Ukayamba, wina amagogoda tambula ndi supuni mpaka usiye.

Tsono chodabwitsa n'chakuti mnzathu wa madzi uja ndi amene anapezeka kuti ndi katswiri wa kukhitchini. Miyezi imene anakhala pakhomo anaphunzira kuphika, ndipo amaphika modekha ngati alibe kopita. Nyama amaiika pamoto wochepa kuyambira m'mawa, anyezi amamukazinga mpaka afiire bwinobwino osapserera, adyo amamuponya mochedwa kuti asawawe, ndipo pomaliza amafinyira ndimu pang'ono. Ukavundukula poto, nthunzi yake yokha imakuuza kuti usayankhule kaye. Tsiku limene anatiphikira koyamba, tebulo lonse linangoti zii, kumangomveka supuni. Kenako mkulu woimiriridwa uja anati, "Achimwene, zaka zonsezi munkataya nthawi mu ofesi." Wophikayo anaseka mpaka misozi, ndipo ndikuganiza kuti misozi ina sinali ya kuseka.

Chakudya chabwino pamsinkhu uno ndachimvetsa mwanjira ina. Kale chabwino chinali chambiri. Lero ndikufuna chochepa, chophikidwa ndi munthu amene sanathamange, chodyedwa nditakhala pansi foni ili m'thumba. Tisanayambe kudya pamakhala kamwambo koseketsa: timabotolo ta mankhwala timatuluka m'matumba, uyu wa BP, uyu wa shuga, uyu wa chilungulira. Mchere tinauchotsa patebulo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 patsiku, kutanthauza kasupuni ka tiyi kosadzaza, ndipo ambiri timapitirira pamenepo tisanafike n'komwe pa chakudya chamadzulo. Wophika wathu amati amene akudalira mchere ndiye kuti sanamupatse nthawi anyezi.

Pali bodza lina limene tinalandidwa. Tonse tinkanena kuti mimbazi zikukula chifukwa thupi likafika zaka 40 limasiya kuwotcha chakudya msanga. Ndiye mu 2021 Herman Pontzer ndi anzake anafalitsa mu magazini ya Science kafukufuku wa anthu oposa 6,400, woonetsa kuti liwiro limene thupi limagwiritsira ntchito mphamvu silisintha kwenikweni kuyambira zaka 20 mpaka 60. Amene anatiwerengera nkhaniyi patebulo sitinamukhululukirebe. Ndiye kuti vuto ndi mpando, galimoto ndi mbale yachiwiri.

Patapita nthawi ndinaona vuto lina. Nkhani zathu zinayamba kubwerezeka. Ya mphunzitsi amene anagwa panjinga tinaimva kasanu, ndipo ulendo uliwonse njingayo inkathamanga kwambiri kuposa kale. Gulu lodya zakale zokha limafanana ndi banja lodya mbewu, tsiku lina nkhokwe idzati gwaa. Apa m'pamene maulendo analowera. Kamodzi pachaka timanyamuka masiku awiri kapena atatu kupita kumene ambiri a ife sitinafikeko. Sikuti kutali kwenikweni, bola kukhale kwachilendo.

Ulendo wathu woyamba tinati tikwere phiri. Amene ankadzitama kuti ankathamanga mtunda wautali kusukulu ndi amene anayamba kukhala pamwala, ati akufuna kujambula maluwa. Pamalopo panalibe duwa ngakhale limodzi. Tinakafika pamwamba anayi okha, ndipo potsika m'pamene mawondo anatiuza zaka zathu zenizeni. Usiku tinazindikira kuti pakati pathu pali munthu amene mkonono wake umadutsa khoma. Pobwerera tayala linaphwika, ndipo amuna anayi tinazungulira jeke tikutsutsana kwa theka la ola mpaka mayi wina anatikankha n'kusintha yekha. Lero nkhani zimenezi ndi zimene zalowa m'malo mwa njinga ya aphunzitsi.

Ndaonanso kuti masiku awiri amenewo amatalika m'mutu kuposa miyezi yathunthu ya kuntchito. Masiku ofanana ubongo suwasunga limodzilimodzi, umangowamanga mtolo umodzi, n'chifukwa chake timadzidzimuka kuti chaka chatha liti. Malo achilendo amaukakamiza kulemba chilichonse. Akatswiri a za maganizo Leaf Van Boven ndi Thomas Gilovich anaonetsa mu 2003 kuti anthu amakondwa kwambiri ndi ndalama zimene anawonongera pa zochitika kusiyana ndi zimene anagulira katundu. Ine umboni wanga ndi wosavuta: foni imene ndinagula chaka cha phiri chija sindikumbuka n'komwe kuti inathera kuti.

Ndikudziwa ena muyankha pansipa kuti izi ndi za anthu okhuta, ife tili ndi fizi. Fizi ndili nayo inenso, ndipo sidzatha, ikatha ya ana idzabwera ya adzukulu. Mukadikira kuti mavuto athe kaye, mudzapeza kuti mano otafunira nyama ija atha, mawondo okwerera phiri apita, ndipo pa anthu 7 mwatsala atatu. Papsa tonola. Komanso poto mmodzi ndi mipando yobwereka sizinagwetsepo banja la munthu.

Chimene ndingavomereze n'chakuti si mnzako wakale aliyense woyenera kumufukula. Alipo amene anabwera kawiri, ulendo woyamba kudzatigulitsa bizinesi yosamveka mutu wake, wachiwiri kudzakumbutsa mnzathu wina chilonda cha zaka 30 zapitazo atamwa mopitiriza. Sitinakangane naye. Tinangosiya kumukumbutsa tsiku, nayenso sanafunse.

Tikumananso pakatha miyezi itatu, ndipo ulendo uno ndi kwathu. Wophika wathu wandilembera kale zoti ndikagule, wati ndisayerekeze kukhudza poto iye asanafike. Mkazi wa malemu uja tinamuitana ndipo wavomera, ati abweretsa zithunzi zimene anazipeza m'sutikesi. Magalasi ndagula anga dzulo, koma achemwali, anu ofiira aja musawasiye, pali anthu asanu amene akukanabe kuti saona.