Chenjezo kwa ophunzira zachipatala amene mukuchita mphwayi ndi kusamba m'manja

Ndikulankhula ndi inu ana anga amene mukuphunzira udokotala, unamwino ndi uzamba, chifukwa pali khalidwe lina m'mawodi limene sitingamangoliyang'ana. Munthu wavala magolovesi, watsuka bala la wodwala, wayankha foni, walemba m'fayilo, kenaka n'kupita kukapima mayi woyembekezera ndi magolovesi omwewo, ndipo mukamufunsa amati odwala achuluka ndipo nthawi yachepa. Mphwayi yotereyi inapululapo kale amayi m'zaka za m'ma 1800, ndipo manja amene ankanyamula imfayo anali a ophunzira ngati inu nomwe.

Pachipatala chachikulu cha mumzinda wa Vienna, ku Austria, panali mawodi awiri ochiriramo amayi. M'wodi yoyamba munkaphunzira ana asukulu ya udokotala, pomwe yachiwiri inali ya ophunzira uzamba. Masiku amenewo sukulu ya ku Vienna inkanyadira kwambiri kuphunzitsa matenda mwa kung'amba mitembo, motero ophunzira udokotala ankayamba tsiku ali kuchipinda cha mitembo, ndipo akachoka kumeneko ankapita kukapima amayi ofuna kuchira. Ena ankasambako ndi sopo, koma kafungo ka mtembo kankatsalira m'zala. Azamba sankagwira mitembo.

Pakati pa 1841 ndi 1846, m'wodi ya madokotala munkamwalira amayi pafupifupi 10 pa 100 alionse, ambiri mwa iwo ndi nthenda yotentha thupi imene inkawagwira akangochira, pamene m'wodi ya azamba sankakwana 4. Amayi a mumzindawo ankazidziwa zimenezi. Popeza mawodiwo ankalandira anthu mosinthana masiku, ena ankagwada kupempha kuti asawagoneke kwa madokotala, ndipo ena ankalolera kuchirira mumsewu. Tangoganizani, mayi kuopa dokotala kuposa kuopa msewu.

Dokotala wina wachinyamata wochokera ku Hungary, Ignaz Semmelweis, amene ankagwira ntchito m'wodi ya madokotala ija, ndiye anavutika mtima ndi kusiyana kumeneku. Mu Malichi 1847 mnzake Jakob Kolletschka anamwalira atachekedwa chala ndi mpeni wa wophunzira pong'amba mtembo, ndipo zimene zinapezeka m'thupi mwake zinafanana ndi zimene zinkapezeka mwa amayi aja. Apa Semmelweis anazindikira kuti chinthu china chochokera kumitembo chinkalowa mwa amayi kudzera m'manja. Mu Meyi chaka chomwecho analamula kuti aliyense azisamba m'madzi a klorini asanakhudze mayi. Mu Epulo, lamuloli lisanadze, m'wodi ya madokotala munamwalira amayi 18 pa 100 alionse, koma pofika Julayi chiwerengerocho chinali chitatsikira pafupi ndi mmodzi.

Akuluakulu ambiri a ntchitoyi sanamumvere, chifukwa zinawawawa kuuzidwa kuti manja a munthu wophunzira angaphe. Ntchito yake ku Vienna inatha mu 1849, anabwerera kwawo, ndipo anamwalira mu 1865 ali m'chipatala cha odwala misala.

Ophunzira a nthawi imeneyo tingawamvetse, pakuti nkhani yakuti tizilombo tosaoneka ndi maso timayambitsa matenda inali isanakhazikike. Ntchito ya asayansi Louis Pasteur ndi Robert Koch yotsimikiza zimenezi inadza pambuyo, ndipo dokotala wa opaleshoni Joseph Lister anafalitsa njira yake yophera tizilombo pochita opaleshoni mu 1867. Nanga inu, amene mumatchula mayina a tizilomboti pamayeso n'kukhoza bwino, mudzati chiyani kwa gadiyani amene m'bale wake analowa ndi pakati pabwinobwino n'kutuluka ndi mafinya? Magolovesi amateteza inuyo, koma mukapita nawo pabedi lachiwiri asanduka chonyamulira matenda, ndipo foni imene mumaigwira pakati pa odwala simunaipukutepo.

Inunso aphunzitsi ndi oyang'anira mawodi musadzichotsemo, chifukwa mwana asukulu amatengera zimene akuona wamkulu akuchita pozungulira odwala, osati zimene analemba pabolodi. N'zoona kuti mipopi imauma ndipo sanitaiza amatha, koma zikatero kanenedwe kwa oyenera tsiku lomwelo, ndowa ya madzi ndi sopo iikidwe pakhomo la wodi, ndipo wophunzira amene wadumpha ndowayo abwezedwe akasambe asanafike pabedi la wodwala.