Owerenga maola a madokotala, awo amawerenga ndani?

Ku America, dokotala amene ali pa residency (maphunziro a ukatswiri omwe amachita akugwira ntchito m'chipatala) saloledwa kupitirira maola 80 pa sabata, powerengera masabata anayi pamodzi. Bungwe la ACGME, lomwe limayang'anira maphunzirowa, lidakhazikitsa zimenezi mu 2003. Amene amalondola maolawo mu mapulogalamu a pakompyuta a MedHub kapena New Innovations ndi program coordinator, wantchito wa mu ofesi amene amayendetsa zolembalemba za maphunzirowa. Chondidabwitsa n'chakuti maola a iye mwini nthawi zambiri salembedwa bwino.

Ovataimu ya ntchito imeneyi sibwera mwadzidzidzi. Kumapeto kwa Sepitembala mafomu a ofunsira malo amatseguka mu ERAS, njira ya pa intaneti yofunsira malo a residency. Kuyambira Okutobala mpaka Januwale ndi maintavyu, ambiri a pa Zoom, ndipo coordinator amalowa msanga n'kutuluka aliyense atapita. Malichi ndi Match, nthawi yomwe ofunsira amagawidwa malo, ndipo pulogalamu ikatsala ndi malo imalowa mu SOAP, njira yodzazira malo otsalawo, sabata yopanda mpumulo. Juni ndiye wowawitsa: omaliza akufuna zikalata zawo, atsopano akufunika malaisensi, mabaji ndi ma visa a J-1 kudzera ku ECFMG (bungwe loona za madokotala ophunzira kunja kwa America), zonse 1 Julaye asanakwane. Coordinator wogwira ma fellowship (maphunziro otsatira residency) ang'onoang'ono atatu amasenza makalendala atatu.

Lamulo la malipiro ndi maola a ntchito la FLSA la 1938 ndi lomveka. Wantchito wa non-exempt, kutanthauza woyenera kulipidwa ovataimu, akadutsa maola 40 pa sabata, ola lililonse lapamwamba amalipidwa limodzi ndi theka. Wa $24 pa ola akagwira maola 50, maola 10 apamwambawo ndi $360. Chipatala chingagwiritse njira ya 8/80, yoti ovataimu imayamba akadutsa maola 8 pa tsiku kapena 80 pa masiku 14, koma pokhapokha chitagwirizana ndi wantchito ntchito isanagwiridwe.

Zimasokonekera pawiri. Koyamba, abwana amati ovataimu iyambe yavomerezedwa, ndiye munthu amatseka nthawi yake 5 koloko, n'kumayankha maimelo a ma resident usiku ali kunyumba. Ngati abwana akudziwa kuti ntchito ikugwiridwa, maola amenewo ngolipira, avomereze asavomereze. Ndipo malipiro obweza amatha kubwerera zaka 2 m'mbuyo, kapena 3 ngati abwana adachita dala.

Kachiwiri ndi kusintha dzina: dzulo coordinator, lero "manager", malipiro apamwezi, ovataimu yatha. Dzina lokha silipangitsa munthu kukhala exempt, wosayenera kulipidwa ovataimu. Pafunika malipiro osachepera $684 pa sabata, komanso ntchito yoti munthu amagamula yekha nkhani zikuluzikulu. Wongolowetsa ma Milestones (malipoti a mmene ma resident akuphunzirira) ndi kukonza ndandanda ya maintavyu n'kovuta kumuika m'gulu limenelo.

Nanga zija za "mudzapume Lachisanu la mwezi wamawa"? Comp time yotere imaloledwa kwa olemba ntchito a boma okha, monga zipatala za mayunivesite a boma, ndipo ndi ola limodzi ndi theka pa ola lililonse.

Ine ndikuti ofesi ya GME, yoyang'anira maphunziro a ma resident pachipatala, iike ndalama za ovataimu ya Okutobala mpaka Januwale ndi ya Juni mu bajeti chaka chisanayambe, kapena ilembe wothandizira wa miyezi imeneyo. Coordinator naye azilemba tsiku, nthawi yoyamba, yomaliza ndi ntchito yomwe wagwira, ngakhale ya mphindi 20 pafoni.