Inu obwera kunyanja, phiri la Chowe salitsika pa firii

Tchuthi chikangofika, kaya ndi pa 15 October tsiku la anakubala, kaya Khirisimasi kapena Pasaka, Mangochi amadzaza ndi magalimoto ochokera ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Takulandirani ndithu, chambo chilipo. Koma wakutsina khutu ndi mnansi, choncho ife eni mudzi tikutsinani. Ana inu, kayendetsedwe kanu m'mapiri n'kochititsa manyazi.

Mukatopa ndi kusamba mumawoloka mlatho wa Bakili Muluzi n'kutenga msewu wa M3 wokwera phiri la Chowe kupita ku Namwera ndi ku Chiponde, ati mukaone Shire ndi nyanja ya Malombe muli pamwamba. Palibe wokuletsani, malowo ndi okongoladi. Kukwera mumakwera bwino. Chotidetsa nkhawa ndi potsika, pamene wina amachotsa giya n'kuika pa firii kuti apulumutse mafuta, phazi lili pa buleki kuyambira pamwamba mpaka pansi. Anakuphunzitsani ndani zimenezi? Magalimoto a masiku ano, ukachotsa phazi pa moto giya ili m'kati, injini imaleka yokha kumwa mafuta. Pa firii m'pamene imamwa kuti isazime. Ndiye mwapulumutsa chiyani?

Buleki imaimitsa galimoto pokhuza mapadi pa chitsulo, ndipo kukhuzako kumabala moto. Pa mtsetse wautali wamakona ngati wa Chowe, galimoto itanyamula anthu asanu ndi katundu, kunja kukutentha mmene kumatenthera Mangochi mu October, motowo umasowa kothawira. Mapadi akapsa amayamba kuterera: pedulo imakhala yolimba bwinobwino koma galimoto osamva. Choopsa koposa ndi mafuta a mabuleki akawira. Mafuta a mabuleki a mtundu wa DOT 4 akakhala atsopano amawira pa madigiri 230, koma akakalamba n'kumwa chinyezi amawira pa 155 pokha. Akawira, m'mapaipi mumadzaza nthunzi, pedulo imalowa yonse mpaka pansi, galimoto ikuthamangabe. N'chifukwa chake mafutawa amasinthidwa pakatha zaka ziwiri zilizonse, osati kumangothiramo owonjezera. Galimoto munaigula kuchokera ku Japan zaka zinayi zapitazo, oyilo mumasintha, mpaka marimu munagula onyezimira, koma botolo la mafuta a mabuleki simudziwa n'komwe pamene lili. Litseguleni muone. Mafuta abwino amakhala oyera motuwira, akada ngati tiyi wopanda mkaka asintheni musananyamuke. Mapadi akatsala mamilimita 3 atha amenewo, ndipo tayala lomwe mizere yake yatsika kufika mamilimita 1.6 lisakwere phiri.

Lamulo lake n'lakalekale: giya imene mwakwerera ndi imene mutsikire. Lowetsani giya 2, pena potambasuka 3, musanayambe mtsetse, osati mutafika kale pakati galimoto italusa. Injini ilira, singano yoonetsa kuzungulira kwa injini ifika pa 3,000, isiyeni ilire, ndiyo ntchito yake. Inu a Sienta, Vitz, Passo ndi Freed musanamizire kuti yanu ndi otomatiki. Pansi pa D pali B, L, S kapena 2, ndipo zilembo zimenezo sanaziikire kukongoletsa. Buleki muziiponda mwamphamvu pang'ono msewu ukali wowongoka, liwiro litsike, kenako chotsani phazi kuti chitsulo chipume. Mukalowa mu kona liwiro likhale litatsika kale. Za kuzimitsa injini potsika ndiye musayerekeze n'komwe, chifukwa mphamvu yothandizira buleki imatha mukangoponda kawiri kapena katatu, chiwongolero chimauma, ndipo kiyi mukampotoza mopitirira chimakhomeka.

Mukamva fungo la chinthu chopserera, kapena pedulo yayamba kufewa, imani pamalo otakasuka mudikire mphindi 30. Osathira madzi pa chitsulo chotentha, chimapindika. Zikakanikiratu muli m'kati moyenda, popani pedulo mofulumira kangapo, tsitsani magiya imodziimodzi, ndipo handibuleki muikoke pang'onopang'ono chala chili pa batani lake. Mukaikoka kamodzin'kamodzi matayala a kumbuyo amakhomeka, galimoto n'kuzungulira. Zonsezi zikalephereka, khuzani mbali ya galimoto ku chipupa cha phiri. Chitseko amawongola pa galaja.

Tsono za makona. Msewu uja si wanu nokha. Mumadutsa mathiraki a ku Mozambique, ndipo thiraki yaitali ikamakhota imadya mbali yanu, sichitira mwano, ndi mmene inapangidwira. Muli a kabaza a njinga zamoto atakweza anthu awiri, muli anyamata a njinga za makala omwe buleki yawo ndi patapata wopondera pa tayala. Inu mukudula kona kulowa mbali ya eni ake, wailesi ili pamwamba, mawindo otseka. Pa liwiro la makilomita 60 pa ola galimoto imayenda mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi. Sekondi yomwe mwacheukira nyanja ija, kona yakupezani kale. Khalani kumanzere kwanu, tsitsani windo kuti muzimva, imbani hutala pa kona yomwe simukuona kutsogolo kwake. Kupitirira thiraki pa mzere woyera wosadukiza ndi kupusa, ngakhale ikhale ikukwawa. Siyani mpata wa masekondi anayi kumbuyo kwake, chifukwa yolemedwa ikaphonya giya pachitunda imayamba yabwerera m'mbuyo. Mukakumana pamalo opanikiza, wotsika ndiye apatse njira wokwera.

Foni ija ikani pansi. Woyendetsa sajambula, ndipo woyendetsa amene wagwira botolo kuyambira m'mawa kugombe apereke kiyi kwa mnzake, pasakhale kukambirana. Ana akhale pampando atamanga lamba, asaturutse mitu padenga ngati ali pa ukwati.

Mukafuna kujambula, pezani pamene matayala onse anayi achoke pa tala ndiponso pamene galimoto ikuonekera patali mbali zonse ziwiri. Pa kona ayi. Kokani handibuleki, siyani mu giya 1 ngati yayang'ana kumtunda, mu rivesi ngati yayang'ana kumunsi, otomatiki pa P. Mwala umene mwatchingira tayala muuchotse ponyamuka. Miyala yosiyidwa pamsewu ndi imene imagwetsa a kabaza usiku, ndipo amene anaisiya amakhala ali mtulo ku loji. Galimoto ikafa, yatsani mahazadi, ikani mathirayango kutsogolo ndi kumbuyo, la ku mbali ya kona likhale kuseri kwa konayo kuti wobwera alione asanakhote. Nthambi za mitengo zokha sizioneka mumdima.

Pokwera vuto ndi kutentha kwa injini. Singano yoonetsa kutenthako ikayamba kukwera, zimitsani AC, tsitsani giya, ndipo ikapitirirabe imani. Chivindikiro cha redieta osachigwira mpaka patapita theka la ola, madzi ake amatumphuka n'kusupula nkhope. Nyamulani malita 5 a madzi m'chigubu, sadya malo.

Zonsezi zikukhudzanso kamsewu ka ku Cape Maclear kodutsa m'mapiri a Lake Malawi National Park. N'kopapatiza, makona ake ndi obisika, ndipo anyani amakhala pa tala penipeni. Lekani kuwaponyera nthochi ndi mabisiketi pa windo. Mukuwaphunzitsa kudikirira magalimoto pamsewu, mawa wina adzawazemba n'kukumana ndi mnzake maso ndi maso. Obwera kuchokera ku Lilongwe kudzera ku Dedza, Khwekhwelere wotsikira ku Golomoti amafuna giya yomweyo.

Mvula yoyamba ya mu November imasakaniza fumbi ndi mafuta otayikira pa tala, msewu n'kuterera ngati therere, komanso imagwetsera miyala ndi dothi m'makona. Pamenepo chepetsani liwiro ndi theka, yatsani nyali zotsika. Mukakwera ku Namwera konzani zoti muyambe kutsika 4 koloko isanakwane, popeza dzuwa la madzulo limalasa m'maso wolowera ku Mangochi, ndipo 6 koloko ikadutsa njinga zambiri za m'phirimo zimayenda zopanda nyali.