Chenjezo kwa a ku Mangochi: funsani za maenje kukumba kusanayambe

Abale anga a ku Mangochi, ndili ndi mawu, ndipo ena a inu sakukomerani. Khalidwe lomwe tikuonetsa pa misonkhano ya anthu a migodi likundidetsa nkhawa kwambiri. Galimoto za kampani zikangoima pabwalo la mfumu, anthu amathamangira kukalembetsa dzina papepala, kulandira Fanta ndi banzi, ena kaalawansi, kenako m'manja phwaphwaphwa. Mlendo akati "alipo ali ndi funso?" bwalo lonse zii. Akapezeka woimika dzanja, funso lake ndi la ganyu basi. Palibe wofunsa kuti miyalayo ikadzatha, dzenje adzakwirira ndani, nanga ndi ndalama za yani.

Pepala mumasaina lija limapita ku boma ngati umboni woti eni dera anafunsidwa maganizo. Mukakhala chete, zimaoneka ngati munalibe chodandaula. Kodi zimenezi mumazidziwa?

Migodi yafika kale pakhomo pathu. Ku Njereza akuphwanya miyala ya laimu yopangira simenti. Mchenga wa m'mbali mwa nyanja ku Makanjira makampani akhala akuuyang'anitsitsa kwa zaka. M'nkhalango ya Namizimu munalowa chikhamu cha anthu okumba mpaka boma linachita kutumiza asilikali. Anzathu oyandikana nawo a ku Balaka ali ndi mgodi wa Kangankunde.

Tafunsani a ku Karonga akuuzeni. Ku Mwabulambo, kampani yokumba malasha inasiya ntchito mu 2015 n'kuchoka, maenje ali yasa, milu ya malasha ili mbwee pafupi ndi midzi. Bungwe la Human Rights Watch linalemba za mavuto a anthu amenewa mu 2016. Ku Kayelekera, mgodi wa yuraniyamu unatsegulidwa mu 2009, koma pofika 2014 unaima chifukwa mtengo wa yuraniyamu unagwa pamsika wa kunja. Taganizani, zaka zisanu zokha! Mgodi sudikira tsiku lomwe unalonjeza. Mtengo ukagwa ku mayiko omwe sitinafikeko, makina amazima kuno kwathu. N'chifukwa chake dongosolo lotsekera mgodi liyenera kukhalapo khasu loyamba lisanalowe pansi, ndalama zake zitaikidwa padera, poti kampani yomwe yaluza siipeza ndalama zokwiririra maenje.

Ndipo kutseka mgodi si kumanga waya wa minga n'kukhoma chikwangwani choti "musalowe". Ntchito yake imayamba tsiku loyamba. Dothi la pamwamba, lachonde lija, limayenera kukokoleredwa pambali n'kusungidwa palokha, osalisakaniza ndi miyala ya pansi, chifukwa likasokonezeka simudzalimanso chimanga pamalopo. Pomwe amaliza kukumba azikwirira nthawi yomweyo akupita chitsogolo, osati kudikira mapeto. Madamu osungiramo matope ndi madzi oipa a ku mgodi amangidwe molimba moti asaphulike mvula ikachuluka, ndipo ife a kuno tikudziwa zomwe mvula ya namondwe imachita. Madzi a m'mijigo ndi m'mitsinje ayezedwe kukumba kusanayambe, kuti mawa akasintha mtundu pasakhale wokana, ndipo apitirize kuyezedwa kwa zaka mgodi utatsekedwa. Mitengo yobwezeretsa ikhale yachilengedwe ya kuno, mibawa, misangu, masuku, osati bulugamu yekhayekha.

Izi si zopempha mogwada ayi. Lamulo loteteza chilengedwe la 2017, lomwe linakhazikitsa bungwe la boma loyang'anira chilengedwe la MEPA, limafuna kuti ntchito zikuluzikulu ngati migodi ziyambe zaunikidwa momwe zidzakhudzire anthu ndi chilengedwe. Lipoti lake ndi lomwe amati ESIA. Malamulo a migodi, omwe anakonzedwanso mu 2023, amafuna dongosolo lokonzanso malo, ndiponso kuti migodi ikuluikulu ichite mgwirizano wa chitukuko ndi anthu ozungulira. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza mauthenga ku boma linayamba kugwira ntchito mu 2020. Zida zili m'manja mwathu, koma tazipachika kudenga.

Inu mafumu athu, ndi ulemu wonse, malo mukusungawo ndi a zidzukulu. Musamakambirane ndi alendo m'chipinda muli awiri kapena atatu. Envulopu ya lero sidzakwirira dzenje.

Nanu a makampani, kubzala mitengo pasukulu, kugawa malaya olembedwa dzina lanu ndi kujambulitsa zithunzi n'zabwino, koma musazitche kuphunzitsa anthu za chilengedwe. Kuphunzitsa ndi kuwauza anthu m'Chiyao ndi m'Chichewa chomveka zomwe zili m'fumbi lanu, madzi omwe sayenera kumwa, komwe ana asamakasewere, ndi momwe malowo adzaonekere inu mukadzapita. Mayi wotunga madzi ndi msodzi amve, osati aphunzitsi ndi a komiti okha.

Tsopano ndibwere kwa inu ana anga okumba golide, chifukwa apa ndi pomwe mtima wanga ukuwawa kwambiri. Ndikudziwa kuti njala ndi ulova ndi zomwe zakutengerani kumeneko. Koma tingadzudzule bwanji kampani pomwe ifenso tikusiya maenje mbwerekete m'tchire ndi m'mbali mwa mitsinje? Dzinja likafika maenjewo amadzaza madzi, udzu n'kumera m'mbali. Mwana wolisha mbuzi sadziwa kuti pansi pake ndi pakuya kuposa msinkhu wa munthu. Udzudzu umaswana momwemo. Dothi lomwe mwafukula limakokoloka n'kukatsikira kunyanja, komwe nsomba zimaikira mazira.

Ndipo aliyense wogwiritsa ntchito mankhwala a mercury pogwira golide amve bwino. Mukamawotcha, utsi wake umalowa m'mapapo n'kuwononga ubongo ndi impso. Otsala amapita m'madzi, n'kulowa m'nsomba, ndipo sachoka ngakhale muwambe, muyanike kapena muphike. Ku Minamata, m'dziko la Japan, matenda ake anadziwika mu 1956: mabanja a asodzi ankanjenjemera, kulephera kuyenda ndi kulankhula, ana n'kumabadwa olumala, chifukwa chodya nsomba za m'madzi omwe fakitale inkatayiramo mankhwalawa. Ife ndiwo zathu ndi usipa, utaka ndi chambo. Madzi a nyanja yathu amatulukira mu Shire pano pa Mangochi, n'kudutsa ku Malombe, komwe chambo chinachepa kale. Tikawaipitsa, tadyetsa poizoni boma lonse la Mangochi ndi a kumunsi omwe.

Msonkhano wina ukaitanidwa, pitani nonse, amayi ndi achinyamata omwe, ndipo a mzikiti ndi a tchalitchi alengeze. Musanasaine, uzani alendowo akuwerengereni dongosolo lotsekera mgodi m'chilankhulo chanu, anene komwe ndalama zake zasungidwa ndi yemwe adzayeze madzi. Pepala lina la zomwe mwagwirizana litsale kwa mfumu, lina ku komiti ya chitukuko cha m'dera (ADC). Akazemba mafunso, kawadandaulireni kwa bwanamkubwa wa boma. Ndipo inu anyamata, maenje omwe mwasiya chaka chino kawakwirireni mvula isanagwe.