Hamala ya ku Freiburg

MALUME: Mphwanga, msomali ndagwira, menya. Mvula ikubwera chitseko chili pansi, iwe ukungoyang'anitsitsa hamala?

MPHWAWO: Ndikutsata njira ya Husserl, katswiri wa filosofi wa ku Germany uja, malume, ya m'buku lake la 1913 lija. Poyamba epoché: funso loti hamalayi ilipodi kapena ayi ndaliika m'mabulaketi. Sindikukana, sindikuvomera.

MALUME: Ndinagula ndekha kumsika. Ilipo.

MPHWAWO: Chikhulupiriro chimenecho ndiye tikuchiimika kaye. Kenako ndifotokoze mmene ikundionekera. Ndikuona mbali imodzi yokha, yakuseri ndikungoyembekezera kuti iliko. Ndikatero ndiyambe kuisintha m'mutu. Mpini ukhale wachitsulo, ikadali hamala. Ikhale yofiira, ikadali hamala. Mutu ukhale wa nsima...

MALUME: Nsima isiye.

MPHWAWO: Ikalekera pomwepo kukhala hamala, ndiye kuti ndapeza chimene sichingachotsedwe.

MALUME: Nchifukwa chake Heidegger, yemwe anali wothandizira wa Husserl yemweyo pa yunivesite ya Freiburg, anapatuka. Buku lake la 1927, Sein und Zeit, analipereka mwaulemu kwa Husserl patsamba loyamba, koma m'katimo akuti hamala suidziwa poipenyetsetsa. Umaidziwa pokhoma. Ikamagwira bwino ntchito suiona nkomwe, maso ali pa msomali. Hamala ndi ya msomali, msomali ndi wa chitseko, chitseko ndi choti munthu agone osanyowa. Ukaichotsa mu unyolo umenewo watsala ndi chitsulo ndi kamtengo basi.

MPHWAWO: Ndiye imaoneka liti?

MALUME: Ikathyoka, ikasowa, kapena ikakutchinga njira.

MPHWAWO: Husserl ataliwerenga anadandaula kuti mnyamatayo wasiya filosofi yeniyeni n'kuyamba kufotokoza za moyo wa munthu. Ngakhale nkhani ya mu Encyclopaedia Britannica, yomwe ankalemba limodzi chaka chomwecho, inawakanika kumvana.

MALUME: Koma mpando wa uprofesa mu 1928 Husserl anausiyira yani? Heidegger yemweyo. Menya, dzanja latopa.

(Gwa!)

MALUME: Mayo ine! Chala changa!

MPHWAWO: Musagwedezeke, malume! Ululuwo uikeni m'mabulaketi. Ukukuonekerani bwanji? Mbali yakuseri ilipo?

MALUME: Chikhadabo chada bii, iwe ukuti mabulaketi?

MPHWAWO: Komatu Heidegger wanu wapambana. Tsiku lonse chalacho simumachiona. Pano mukuchiyang'anitsitsa.

MALUME: Bweretsa kuno hamalayo. Msomali ugwire ndiwe.