Ku Bo-Kaap zenera lili ndi lamulo, agogo alibe

Lero ndapsa mtima ndipo ndilankhula, wondida andide.

Sabata ino ndinapeza ganyu yopenta nyumba ku Bo-Kaap, kuno ku Cape Town. Amene munafikako mukuzidziwa nyumba zija zogundana makoma, zondandana kukwera phiri la Signal Hill, ina yobiriwira, ina yachikasu, ina yapinki. Nyumbayo ili pamalonda. Wondilemba ganyu ndi mkulu wina wogulitsa nyumba, dzina ndisunge. Tsiku loyamba anandiimika pakhonde n'kundiwerengera malamulo ngati mwana wasukulu: zenera ili usalikhudze, chitseko ichi n'chakale usachipale kwambiri, khoma lakutsogolo usakhomepo ngakhale msomali, nyumbayi ndi yotetezedwa. Ndinati ndamva bwana. Koma iye akulankhula choncho, kumbuyo kwake agogo a m'nyumbamo anali pansi kulongedza mapoto ndi mbale m'makatoni. Anabadwira momwemo. Mayi awo anabadwiranso momwemo. Akukakhala kwa mwana wawo ku Mitchells Plain. Bwana uja ngakhale moni sanawapatse, anangoti makatoniwo achoke pabalaza chifukwa kukubwera wojambula zithunzi.

Ndiye ndifunse, abale anga, chotetezedwa apa n'chiyani? Zenera lili ndi lamulo. Chitseko chili ndi lamulo. Agogo alibe.

Musandimve molakwa, malamulowo sindikuwanyoza. Lamulo la dziko lino la 1999 limaletsa kugumula kapena kusintha nyumba yopitirira zaka 60 popanda chilolezo, ndipo mu 2019 Bo-Kaap inaikidwa pa chitetezo chapadera. Sichinagwe kumwamba chitetezocho. Mu 2018 anthu a kumeneko anatentha matayala, ndipo m'mwezi wa Ramadan anayala pamsewu wa Wale n'kudyera pomwepo chakudya chomasulira kusala, mabanja athunthu, kuti aliyense aone kuti mudziwu uli ndi eni. Kodi ankavutikira penti? Ankavutikira mafelemu a mawindo? Ankati tisachoke pano. Lero mafelemu atsala, iwo akuchoka mmodzimmodzi.

Mtengo wa nyumba ukakwera msonkho wa khonsolo nawo umakwera, wapenshoni sangalimbe, n'zimenezo basi.

Chimene chandinyansa kwambiri ndi mmene bwanayo akuitsatsira nyumbayo. Anandionetsa yekha pafoni, monyadira. Akuti mudzi wa chikhalidwe, akuti mudzamva kuitanira swala kuchokera ku mizikiti yakale, akuti Lamlungu m'mawa kumamveka fungo la makoesister, timandasi totsekemera ta kumeneko. Fungolo limatuluka m'khoma? Wokazinga wake si yemweyo akumanga katunduyu? Mukugulitsa fungo, wophika mukum'pirikitsa. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Ine ndine wa mpingo, si Msilamu, koma ulemu ndimaudziwa. Mzikiti wa Auwal pa msewu wa Dorp ndi wa 1794, woyamba m'dziko lonse lino. Tinyumba toyamba tobwereketsa anamanga Jan de Waal cha m'ma 1760. Odzakhalamo ambiri anali ana a anthu amene anabwera nawo pa ukapolo kuchokera ku Indonesia, India, Madagascar ndi ku Mozambique kwa anansi athu. Ukapolo unatha mu 1834, iwo anakhalabe. Tsankho linabwera, anakhalabe. District Six, dera lina la kuno ku Cape Town, anaigumula ndi mabuldoza pambuyo pa 1966, dziko lonse linaona n'kulira. Kuno kulibe buldoza, palibe khoma likugwa, ndiye palibe wolira. Nyumba ili chilili, yowala ndi penti yanga yomwe, mwini wake ali pa bakkie, kagalimoto konyamula katundu, ndi makatoni.

Ndipo wogula mukumudziwa kale. Sadzagonamo. Adzamangirira kabokosi ka makiyi pachitseko n'kumabwereketsa kwa alendo a masiku atatu. Mumsewu womwewo ndawerenga timabokosi totero tingapo. Mlendo ndi mame. Maliro akagwa nyumba yoyandikana, wa masiku atatuyo adzanyamula bokosi? Adzadziwa mwana wa ndani akusewera mumsewu? Mawa ndi yemweyo adzadandaule kuti mzikiti ukumudzutsa m'bandakucha.

Dzulo mzinga uja wa pa Signal Hill utalira 12 koloko, agogo anandiitana, "Bwera mwana wanga upume." Anafukula kapu m'katoni imene anali atamata kale n'kundithirira tiyi. Anandionetsa pa felemu ya chitseko cha kukhitchini pamene ankalemba mizere poyeza msinkhu wa ana awo. Mizere imeneyo bwana anandiuza kuti ndiipente, akuti ndi litsiro. Felemuyo ndi yotetezedwa, mizereyo ayi. Ndaisiya. Akaipente yekha.

Nanunso ojambula zithunzi mwatikwana. Munthu kufika, kukhala pakhonde la eni, kutambalala, osagogoda, osapereka moni, ngati nyumba yopanda anthu. Mtsikana wina anandikodola ndili pamwamba kuti ndichotse makwerero akumuwonongera chithunzi. Ine nditsike ndi ndowa ya penti chifukwa cha Instagram yake!

Ndipo bwana wa malamuloyo, amene akugulitsa nyumba ya mamiliyoni a marandi, ndalama yanga ya masiku anayi sanandipatsebe. Akuti ndidikire Lachisanu.