Ku Joni sitolo imadyera kubwerera kwako, kwathu imadyera tsiku lomwelo

Abale anga, ndikulemba izi mtima usanazizire. Mu Disembala ndili kumudzi ndinati ndiwagulire amayi firiji, nawonso amweko madzi ozizira. Ndinalowa m'sitolo ina mu Lilongwe, tinagwirizana mtengo, ndinapereka theka, zotsalazo ndinati ndidzatumiza ndikalandira ku Joni kumapeto kwa Januwale. Lisiti anandilembera bwinobwino. Mlongo wanga atapita ndi ndalama zotsalazo, anamuuza kuti firiji ija inapita kalekale, yomwe ilipo ndi ya sitoko yatsopano, ndiye awonjezere. Taganizani! Ndalama zanga zinagona m'kabati mwawo mwezi ndi theka, zinaoda katundu wina, zinaswana, koma wolipira chindapusa n'kukhala ine.

Inu amene munakhalako ku South Africa mukudziwa kuti kumeneko kulipira pang'onopang'ono katundu ali m'sitolo kumatchedwa lay-by, ndipo kuli ndi lamulo lake. Consumer Protection Act ya 2008 imati wasitolo azikusungira katunduyo mpaka umalize. Akalephera kukupatsa mwa kulakwa kwake, umasankha wekha: akupatse wofanana naye kapena woposerapo, apo ayi akubwezere ndalama zako kuwirikiza kawiri. Kawiri! Kwathu kuno ukangotchula zobweza ndalama, amakuyang'ana ngati wawatukwanira makolo.

Koma musaganize kuti a ku Joni ndi angelo. Ndi masamu chabe. Mayi amene waika yunifolomu ya mwana pa lay-by ku PEP amabwerera m'sitolomo katatu kapena kanayi kudzalipira, ndipo satuluka chimanjamanja: lero masokosi, mawa sopo, tsiku lina mayunitsi a foni. Phindu la pa yunifolomu ndi lochepa, chimene sitolo ikufuna ndi phazi lakelo. Shoprite ndi Checkers nawo n'chimodzimodzi. Pa buledi ndi shuga amadyapo pang'ono kwambiri, koma amagulitsa malole ndi malole. Khadi lawo la Xtra Savings amakupatsa ulere, amakutsitsirako mtengo, iwo n'kumadziwa zimene umagula mwezi ndi mwezi. Pa kauntala yomweyo umagula magetsi, tikiti ya basi, kutumiza ndalama, ndipo paliponse sitolo imatapapo kakomishoni. Kadontho kadontho, chidebe chadzaza.

Nanga kwathu? Mtengo umayamba wayang'ana nsapato zako. Ukangotsika basi ndi jekete ya ku Joni, chinthu chomwe mnzako wagula m'mawa chakwera kale. Wamalonda wathu amafuna lendi ya sitolo, fizi ya ana ndi mafuta a galimoto zonse zituluke pa kasitomala mmodzi. Kaya udzabweranso, kaya sudzabweranso, izo n'zako. Nkhuku yoikira mazira amaizinga lero kuti adye ndiwo, mawa n'kumadandaula kuti malonda sakuyenda.

Pano ndiime kaye, chifukwa mlamu wanga amene amaoda katundu ku Dar es Salaam anandibweza pakamwa, ndipo sananame. Anati: "Alamu, inu mumalandira marandi, n'chifukwa chake mukulankhula motumbwa." Mu Meyi 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Madola kubanki sapezeka, woitanitsa katundu amakawagula pamsika wamseri pa mtengo wina. Munthu wotere akakusungira firiji miyezi iwiri pa mtengo wakale, ndalama zimene ungamupatse sizingaodenso firiji ina. Sawerengera zimene anagulira, amawerengera zimene adzagulire. Ngakhale Shoprite yomwe ndikuitamayi, mu 2025 inalengeza kuti ikugulitsa masitolo ake a ku Malawi. Ndiye ndavomera, nthaka yathu ndi yoterera. Koma kuterera kwa nthaka sikunamuletse bambo wa sitolo ya firiji uja kundiuza chilungamo tsiku loyamba, kuti mtengo ukhoza kusintha. Theka langa analandira ndi manja awiri.

Ndivomerenso china. Ku Joni kuli malonda ena amene sindingawafunire dziko langa. Masitolo a mipando ya pangongole sadyera sofa, amadyera ngongoleyo. Pamwamba pa mtengo pali chiwongoladzanja, ndalama yotsegulira akaunti, ndalama ya mwezi ndi mwezi yoyendetsera akauntiyo, ndi inshuwalansi. Pomaliza zaka ziwiri, sofa yang'ambika kale koma ngongole ikadali ndi mano. Ukaphonya miyezi ingapo dzina lako lada, sungatengenso kanthu pangongole kulikonse. Ameneyu ndi katapila wovala tayi. Pamenepa ndiye bola mayi wa pa okala kwathu, amene amakulemba m'kope popanda chiwongoladzanja, ngakhale ukachedwa mudzi wonse umadziwa.

Chimene chimandipweteka n'choti nzeru ya kadontho kadontho ife timaidziwa. Wogulitsa ufa wa walkman, mafuta ophikira a m'timachubu, makala a m'kajumbo, amadyera pa anthu omwewo tsiku ndi tsiku, ndipo sangayerekeze kuwakwiyitsa. Mayi wa tomato amakuikira banyira kuti mawa usapite kwa mnzake. Airtel Money ndi Mpamba zakulira pomwepo: kandalama kochepa pa kutumiza ndi kutapa kulikonse, ma ejenti n'kupatsidwako gawo lawo, anthu miyandamiyanda tsiku lililonse. Ndiye zimatheka bwanji kuti munthu akangokhala ndi sitolo ya magalasi, n'kuiwala zimene mayi wa tomato amadziwa?

Firiji ndinawonjezera ndalama, ndikanatani amayi atauza kale anzawo a kumvano. Pano akupanga mafirizesi n'kumagulitsa kwa ana asukulu, ena pangongole, ndipo akuti palibe mwana amene wawathawa. Atchulanso za mbaula yamagetsi. Imeneyo ndiika pa lay-by ku Joni, ndikamaliza ndikaikweza basi pa Park Station, msonkho ndikalipira pa Mwanza.